Zitseko za ku Zanzibar

Ba Hellen, amake Chipo, anabwerako ku Zanzibar miyendo itatupa koma mphuno ili m'mwamba, ndipo m'mawa mwake anakhala pakhonde la nyumba yawo ku Chinyunyu, foni m'manja, okonzeka kugonjetsa amuna awo ndi zithunzi. Ulendowo anaulipira Evaristo, mnyamata wogulitsa magalimoto ku Lusaka amene ankafunsira Chipo, ndipo anapita onse atatu. Mbale zake zofunsira zinali zikadali pamwamba pa kabati, zovundikirana, zomangidwa m'chitenje, pakuti ba Phinias, amuna awowo, anali asanazimasule, ndipo nkhoswe ikanazitenga masana amenewo zili zomangabe, ukwati ukanafera m'mazira.

"Atate ake Chipo! Tulukani na mpando, muone dziko."

Chitseko chinayamba chakana monga mwa masiku onse. Ba Phinias anachinyamula ndi bondo, chinalira, kenako chinawalola. Chinali cha mtengo wa mukwa, chimene anachokera nacho ku Katete atangokwatirana, chong'aluka pakati, mng'aluwo wophimbidwa ndi chigamba cha chitini. Chatsopano chachitsulo chinali chitatsamira khoma kuyambira chaka chatha, kudikira kuti mwini nyumba apeze nthawi.

"Dzulo munafika otopa, sininafunse," anatero akukhala. "Ali bwanji kumene mwachoka?"

"Ndani?"

"Amene munapita kukaona."

"Sitinapite kukaona munthu. Tinapita kukaona mzinda wakale."

"Kunali maliro?"

"Awe."

"Ukwati?"

"Awe!"

"Chipatala?"

"Nakamba kuti mzinda, atate ake Chipo. Kuyenda, kuona, kukopa mapikicha. Ni zimene amachita anthu otsogola."

"Manje wanipatsa moni ni ndani?"

"Palibe."

"Mwawoloka nyanja, mwabwera opanda moni wa munthu olo mmodzi." Ba Phinias anagwedeza mutu mwachisoni. "Munasochera."

Ba Hellen anatsonya. Ungayembekeze chiyani kwa munthu amene ulendo wake wautali m'zaka zonsezi unali wa ku Mpanshya kukazulitsa dzino?

"Ba Sunday, nkhoswe, abwera masana," anatero. "Mbale mumasula kapena simumasula?"

"Funso langa ni lomwe lija. Mnyamata uyu pa Khrisimasi anabwera na motoka yoyera. Pa Isitala yofiira. Ninamufunsa kuti ija yoyera ili kuti, ati nagulitsa, yakalamba. Munthu wotero nimupatse mwana wanga?"

"Ni malonda ake! Mufuna azigona nazo motoka? Nsanje chabe ya munthu wa njinga. Onani apa, muone mtundu wa mpongozi amene Mulungu wakutumizirani."

Anawasunthira foni. Ba Phinias anapukuta chala pa buluku, anaigwira patali ndi maso.

"Ichi n'chani?"

"Chitseko. Onani maluwa osema, onani misomali yamkuwa."

"Ichi?"

"Chitseko china."

"Ichi?"

"Chinanso."

Chala chinapitirira kukankha, zitseko zinapitirira kubwera: chakuda, chabuluu, china ba Hellen ataima patsogolo pake dzanja m'chiuno.

"M'kati muli bwanji?"

"Sitinalowe."

"Anakana kutsegula?"

"Sitinagogode."

"Munanena odi?"

"Odi wa chani?"

Ba Phinias anaika foni pabondo pang'onopang'ono.

"Amake Chipo. Mwaima pakhomo pa munthu. Osagogoda. Osanena odi. Kungoyang'ana."

"Tinali gulu! Azungu, Amwenye, Matchaina, onse!"

"Gulu! Kuno munthu woima pakhomo pa mnzake mwakachetechete, kumayang'ana loko, ali na maina awiri chabe. Kawalala kapena mfiti. Inu munali ati?"

"Tinali alendo oona malo!"

"Mlendo amanena odi."

"Kumeneko sanena odi! Chitseko ndiye chimene wabwerera. Eni ake ena anamwalira kalekale."

Ba Phinias anavula chipewa.

"Munapepesa?"

"Kupepesa ndani? Anamwalira agogo anu asanabadwe!"

"Kupepesa sikuchedwa. Panalibe olo mdzukulu?"

"Pakhomo lina panatuluka mzimayi na ndowa."

"Eya! Anakulandirani. Anakupatsani mpando."

"Anakamba kuti tipatuke, afuna kutaya madzi."

"Anakuthamangitsani."

"Sanatithamangitse! Anangokupiza dzanja."

"Chonchi?" Ba Phinias anakupiza dzanja monga amachitira ndi nkhuku zikalowa pa chimanga.

Kunena zoona, ndi mmene mzimayi uja anachitira, ndipo madzi ena anafikadi pa nsapato zatsopano za ba Hellen. Koma mkazi amene wakwera ndege sagonja kwa mwamuna amene wangoiona ikudutsa pamwamba pa munda.

"Mvetserani, inu. Kuli munthu wa nchito yake, gaidi. Amayenda patsogolo atakweza ambulera, amakufotokozerani mbiri ya nyumba iliyonse."

"Kunali mvula?"

"Dzuwa lokhalokha."

"Anakufunditsani mthunzi?"

"Inali yopinda. Ni chizindikiro kuti tisamutaye m'khamu. Anthu kumeneko ni nyerere, tinjira tothina, ngolo singadutse. Kuno njinga yamoto, uku wonyamula nsomba, uku wogulitsa nsalu akukukoka."

"Ndiye inu, mkazi wa chigwirizano cha kutchalitchi, mwayenda tsiku lonse pambuyo pa mwamuna wachilendo wokweza ambulera yopinda padzuwa."

"Tonse!"

"Ni m'bale wake wa Evaristo?"

"Samudziwa n'komwe."

"Yaba! Wakuperekani kwa munthu wosamudziwa. Manje motoka zake zonse zija zinali kuti?"

"Nakamba kuti motoka singalowe m'tinjira timeneto!"

"Ndiye kuti anasankha dala malo amene apongozi ake ayende pansi." Anayang'ana mapazi a akazi awo, amene anali atasefukira m'mapatapata. "Onani miyendo. Ine ninakuyendetsanipo mpaka kutupa chonchi?"

"Inu simunaniyendetsepo kulikonse!"

"Ndiye chifukwa chake simunatupepo."

Ba Hellen analanda foni, anafufuza mwaukali chithunzi choti chitseke pakamwa pa munthuyu. Anachipeza: makoma aakulu amiyala, iwo ndi Chipo ataima pakati ngati tiana.

"Ili ni linga la mafumu akale. Onani kukula! Munaonapo khoma lotere?"

"Denga lili kuti?"

"Pakati palibe denga."

"Linaphwasuka na mphepo?"

"Ni mmene lilili."

"Ayamba liti kufolera?"

"Safolera! Anthu amabwera na ndege kudzaliona chonchi."

"Mnyamata afuna kukwatira. Watenga mkazi na apongozi, wawaonetsa nyumba yopanda denga." Ba Phinias anasisita chibwano. "Amake Chipo, ameneyu anali kukuchenjezani. Ndiye kumene mwana wathu akakhale."

"Ali na nyumba ya matailosi ku Lusaka!"

"Ngati mumafuna bwinja, kuseri kwa dimba lathu liliko, la malemu ba Silas. Nalonso lilibe denga. Nikanakuperekezani na njinga, ambulera nili nayo."

"Mayo ine, ninakwatiwa na chitsa! Nanga azungu amene amaima pa kasupe wa madzi otentha apa pamseu, amabwera kudzaona ndani? Amanena odi kwa ndani?"

"Aja amasamba m'miyendo. Ena amaphika mazira. Inu pa chitseko munaphika chani?"

Ba Hellen anakweza mawu n'kusintha nkhani.

"Chakudya! Simunadyepo chakudya chotere. Madzulo m'mbali mwa nyanja matebulo mbwee, nyali, utsi, fungo lokoma. Evaristo ati amayi, lozani chilichonse."

"Anakupherani nkhuku?"

"Nkhuku ni ya kumudzi. Ninadya chinyama cha m'nyanja, cha miyendo yambirimbiri ngati mizu ya chinangwa, chosomeka pa kamtengo."

"Chili na mamba?"

"Chilibe."

"Mutu?"

"Sininafunse."

"Mwadya chinthu chosadziwa kumene kuli mutu. M'nyumba mwa ndani?"

"Panja. Papepala."

"Mutakhala pa mphasa?"

"Choimirira. Onse amadya choimirira, amphaka ali m'miyendo."

"Evaristo anali kuti pamene inu mukutafuna?"

"Pambali panga."

Ba Phinias anadzuka theka, anakhalanso.

"Anakuonani mukumeza?"

"Nanga akanatseka maso?"

"Mpongozi! Ine amayi anu mpaka analowa m'manda sininaone dzino lawo likugwira nchito. Nikakumana nawo panjira ninali kulowa m'tchire, minga na minga. Uyu mbale sizinamasulidwe, waona kale pakhosi panu pakuyenda!"

"Ananipatsa na kapepala kopukutira pakamwa. Ni ulemu wa masiku ano."

"Anayang'ana mpaka waona kuti pakamwa pada!"

Apa ba Hellen anazindikira kuti chilichonse chimene ankaponya ngati mwala chinkabwerera pamphumi pawo. Anatsala ndi chida chimodzi. Anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa kanthu kokulungidwa m'pepala lofewa.

"Wakutumizirani mphatso. Anasankha yekha."

Ba Phinias analandira ndi manja awiri, pakuti mwambo ndi mwambo ngakhale mtima uli kwina. Anafunyulula. Kanali kachitseko kosema, kotalika ngati chala, timisomali tamkuwa ndi tonse.

"Cha mbewa?"

"Chokongoletsa! Kumbuyo kuli maginito. Amamata pa firiji."

"Firiji ili kuti?"

"Idzabwera."

"Na magetsi?"

"Adzabwera!"

Ba Phinias analowetsa chikhadabo pakati pa kachitsekoko, anakoka, anatembenuza, anagogoda ndi chala, anakaika kukhutu.

"Nakonso sikatseguka."

"Sikanapangidwe kuti kazitseguka!"

"Ndiye namva. Mwana wanga akalowa m'banja limeneli adzaima panja moyo wake wonse, papepala, na amphaka."

Kumseu minibasi inaliza hutala. Inaima pafupi ndi amayi ogulitsa tomato, ndipo munatsika munthu wa jekete lakuda, akudzikung'untha fumbi. Anali ba Sunday, atafulumira ngati munthu wotsimikiza kuti akukadya nkhuku. Ba Phinias anawaona. Anadzuka, anakankha chitseko ndi bondo, analowa, anatuluka atanyamula mbale zija m'chitenje chake, mfundo ili gwa. Anaziika pampando, poonekera.

Mantha anawagwira ba Hellen, mantha enieni. Anakumbukira Chipo pabwalo la ndege akuwanong'oneza kuti amayi, mukakambe bwino, ine uyu nimamukonda. Iwo anali atayankha monyada kuti atate ako nisiyire ine. Tsopano mwanayo akanamva pafoni kuti amake omwe ndi amene agwetsa ukwati wake ndi pakamwa pawo. Mantha atasowa kolowera anasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo unagwera Evaristo.

"Chabwino! Mufuna zoona? Mzinda uja ni wonunkha nsomba! Makoma akusupuka, mawaya lendelende, thukuta mpaka m'nsapato. Ine ninafuna kupita kumashopu a magalasi, kumene kuli mphepo yozizira na zinthu zatsopano. Chitsiru chija ati awe amayi, tiyeni tione zakale!"

"Eya. Manje mukukamba."

"Zitseko zokongola zinalipo, zopaka vanishi, zowala. Iye wazidutsa! Wakaima pa china m'kanjira konunkha mkodzo wa amphaka. Chakuda, chodyedwa na chiswe pansi, misomali ina inagwa, mng'alu wolowa dzanja. Mpaka gaidi watisiya, ambulera yasowa, ife tili pomwepo padzuwa!"

Ba Phinias, amene anali akukonza kolala kuti alandire mlendo, anaima.

"Anali kuchita chani?"

"Kuchisisita! Mwamuna mkulu, wa mawotchi, kusisita thabwa lovunda ngati mwana wodwala."

"Chinali chokongola?"

"Chonyansa kuposa chathu ichi, ngati n'zotheka."

"Anafunsa mtengo?"

"Ine ndiye ninakamba kuti eni ake achotse, agule chachitsulo. Wanidzudzula! Pamaso pa Chipo! Ati amayi, zatsopano zili paliponse, ine nimagulitsa tsiku na tsiku, sizinikhudza mtima. Ichi chaona mvula, chaona dzuwa, chikadatseka nyumba. Chotere sugulitsa, sumachotsa."

"Anakamba choncho?"

"Na misozi m'maso, chitsiru!"

"Mng'alu anauona bwinobwino?"

"Analowetsamo chala!"

"Sanachotse dzanja?"

"Tinachita kumukoka!"

Ba Phinias anakhala pansi. Anatenga mbale zija, anaziika pamiyendo. Mfundo inali italimba chifukwa chokhalitsa, zala zinalephera, ndipo anaiweramira ndi mano amene dokotala wa ku Mpanshya anawasiyira. Chitenje chinamasuka. Anavundukula mbale yapamwamba, anayang'anamo, anawomba m'manja mofatsa monga amachitira munthu wolandira mawu.

Ba Hellen anayang'anitsitsa chitenje chomasukacho.

"Mwamasula?"

"Namasula."

"Ndege sinakugwireni mtima. Hotela sinakugwireni. Mwamasula chifukwa cha thabwa lovunda?"

"Nanga ninafunsa za ndege? Ninafunsa kuti chinthu chikakalamba amachita nacho chani. Inu m'mawa wonse mwakhala mukuniuza za amphaka." Anapinda chitenje bwinobwino. "Chipo lero ni wowala, wa vanishi. Koma mvula idzamupeza, ana adzamung'alula, mano adzagwa. Mnyamata amene wataya ambulera chifukwa cha chitseko chotere sadzamugulitsa."

Ba Hellen anamva m'maso mukuyabwa, ndipo zinawakwiyitsa kwambiri, pakuti sanakwere ndege kuti adzalizidwe ndi munthu wa njinga. Anadzipukuta ndi ngodya ya duku, anakweza mphuno pamalo pake. Ba Sunday anali atafika kale pa mtengo wa mango, akutsokomola kuti amveke.

"Odi kuno!"

"Mwamva?" ananong'ona ba Phinias. "Munthu woleredwa." Kenako mokweza: "Odini, ba Sunday, fikani!"

"Mvetserani, inu," ba Hellen analankhula mothamanga, mano ali pamodzi. "Mwavomera, zikomo. Manje apongozi onse a ku Lusaka adzabwera pano. Mawa lomwe muchotse chonyansa ichi, muike chachitsulo chija. Sinifuna anthu a matailosi azinyamula chitseko na bondo."

"Chachitsulo tipatse ba Sunday, ali na khola lopanda chitseko."

"Ati bwanji? Ichi chavunda! Chang'aluka! Chimalira tsiku lonse, chimakana chilichonse, chimachititsa manyazi pamaso pa alendo!"

Ba Phinias anachiyang'ana chitsekocho, kenako anayang'ana akazi awo kuyambira pa duku mpaka ku mapazi otupa, mwachikondi chenicheni, mopanda nthabwala ngakhale pang'ono.

"Nikudziwa, amake Chipo. Koma ine chinthu chotere sinichotsa panyumba pano. Inu simukuona kuti mukadalipo?"